Maketulo Awiri a Ulbosin

Ku Boztobe kukabwera mlendo wa kamera, kapena wa kachipangizo kaja koyezera poizoni wa mabomba, kolira tche-tche-tche, palibe amene ankadzivutitsa kumuyankha. Aliyense ankangoloza ndi mlomo nyumba ya chitseko chobiriwira ya kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi khola la mahatchi, n'kunena kuti, "Pitani kwa Ulbosin, akakuuzani zonse." Mlendoyo akangotembenuka, anthu ankasiya zogwiragwira n'kumamutsatira chapatali, paja zisudzo zaulere sazikana.

Alendo otere kwathu sasowa. Mudzi wathu unayandikana ndi Poligoni, chipululu chija asilikali ankaphulitsiramo mabomba awo anyukiliya. Anasiya kalekale, analongedza n'kumapita kwawo, koma mbiri anatisiyira. Ndiye amabwera ochokera ku Almaty, ku Japan, ku Jeremani, nkhope zili zachisoni asanatsike n'komwe m'galimoto, kudzaona ngati tili ndi miyendo iwiriiwiri ngati anthu ena.

Ulbosin ankawalandira ngati abale ake. Ndi mayi wamfupi, wojintcha, wa dzino limodzi lagolide, ndipo manja ake ndi olimba chifukwa wakhala akukama mahatchi kuyambira ali mtsikana. Kimizi wake, mkaka wosasa uja wa hatchi, amaugulitsa pamsewu wa ku Semey, ndipo madalaivala amaima osati chifukwa cha ludzu lokha. Amafuna kumva kuti lero awatukwana motani. Pakamwa pa mayi ameneyu Mulungu anaiwala kuikapo chitseko.

"Mayi, kodi madzi a pachitsime chanuchi mumamwa?" ankafunsa mlendo kudzera mwa womasulira.

"Kumwa? Mwanawe, timachita kulimbirana! Taonani bambo ake a Baljan awa. Ndikukwatiwa nawo anali ndi dazi, lero tsitsi lili mbwee."

A Kabdesh, amuna ake, munthu woti mawu ake a chaka chonse sangadzaze kambale ka tiyi, ankavula chipewa mofatsa. Mutu uli see ngati dzira.

"Nanga tsitsilo lili kuti, mayi?"

"Linamera kumsana. Mufuna ndiwavule malaya pagulu?"

Akaona kuti mlendo akulemba, ndiye ngati wathira mafuta pamoto. Ankamuuza kuti m'nyumba mwake sagula makandulo chifukwa a Kabdesh amawala okha, moti akafuna kugona amachita kuwafunditsa bulangete kumutu. Ankamuuzanso za nsomba za m'nyanja ija inakumbidwa ndi bomba, kuti ya mitu iwiri ndiyo yosunga banja, palibe kukanganirana mutu. Womasulira thukuta lili kamukamu, ife kuseri kwa mpanda nthiti zikupweteka.

Musaganize kuti ankachita izi chifukwa chopepera. Ulbosin ankadana nacho chifundo cha alendowo, kudana nacho kwenikweni. Zithunzi zawo zikaonekera pa kanema, anthu a kutali ankayamba kunong'onezana kuti mtsikana wa ku Poligoni sakwatirika, magazi ake ndi owonongeka. Atsikana okongola ngati mwezi akalambira pakhomo kwathu kuno chifukwa cha mawu amenewo. Ndiye iye anati bola azipita akukayika ngati tawapusitsa, kusiyana n'kuti azipita akutilira.

Za chitsimecho, zoona zake palibe akudziwa. Abwera ambiri kudzatunga madzi m'timabotolo. Wina anati ndi abwino, mchere wokha ndiwo wachuluka. Wina anati ana asamamwe, koma sananene kuti azimwa chiyani. Wachitatu analonjeza kuti abwera ndi yankho, mpaka lero tikumudikira. Timamwabe, nanga tichite bwanji? Madziwo amasiya chikoko choyera m'ketulo, ndipo tiyi wake amakhala ngati wina wagwetseramo misozi.

Ulbosin anakula nthaka ikugwedezeka ndi mabomba aja. Kusukulu aphunzitsi ankawatulutsa panja, mawindo akunjenjemera, ndipo ana ankasangalala chifukwa masamu aduka. Atakwatiwa anabereka ana aamuna awiri. Woyamba sanalire n'komwe. Wachiwiri anakhala zaka zingapo osatha kudzutsa mutu, kenako anatsatira mkulu wake paphiri paja pali manda. Adokotala anangoti zimachitika. Nkhani imeneyi yokha ndiyo Ulbosin sanaiseketsepo munthu, ndipo palibe wolimba mtima amene amaiyamba pamaso pake.

Atabadwa Baljan, mwana wamkazi wolira mokweza ngati amake, mudzi unaona malodza: Ulbosin anayamba kupemphera. Kuseri kwa mapiri, mtunda woti ukanyamuka m'mawa pa ngolo umabwerako dzuwa litapendeka, kuli manda a munthu woyera wakale, ndipo pambali pake pali kasupe. Sabata iliyonse Ulbosin ankamanga hatchi pangolo, kukweza zigubu, ulendo wa kumandako.

"Mwanayu ndinachita kumupempha," ankatero. "Ndinalumbira kuti azimwa madzi odalitsika okhaokha mpaka adzakwatiwe. Mufuna ndinamize woyera?"

Ashehe anadabwa, koma anakondwa. Anafika pomutchula pa ulaliki ngati chitsanzo, amayi n'kumatsinana. Nagima, mnansi wake wa kuseri kwa mpanda, ankamukuwira ngolo ikamadutsa kuti, "Iwe mfiti, ukakafika ukandipempherereko dzino langali!" Iye ankayankha kuti woyerayo sachiza mano a anthu amiseche.

Kukasupeko sankapemphera ngakhale pang'ono. Ankang'amba kansanza, kumanga pachitsamba mwamsangamsanga ngati akumanga mwendo wa nkhuku, kudzaza zigubu, kutukwana hatchi, basi wabwerako. M'chisanu, chipale chofewa chikatseka njira, ankapita pa chilei, ngolo yopanda mawilo, nsidze zitauma ndi kuzizira. M'khitchini mwake munali maketulo awiri. Ina inali ya iye ndi a Kabdesh ndi aliyense wobwera kudzacheza, yachikoko chokhuthala ngati chala. Inayo inali ya Baljan, mkati mwake mukuwala.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangonena poyera kuti chitsimecho amachiopa. Anene kwa ndani? Nagima ali ndi ana asanu ndipo alibe hatchi. Umuuze kuti ana ako ukuwamwetsa imfa, kenako mawa udzabwereke sefa? Komanso wonena kuti chitsime cha Boztobe n'choipa wanena kuti atsikana a ku Boztobe ndi oipa, wake yemwe ali momwemo. Ngakhale kasupeyo, Ulbosin sankadziwa ngati ndi wabwino. Anangoona kuti ali mbali imene mphepo imachokera, osati kumene imapita. Mantha ake anawaveka mpango wa mapemphero, ndipo anayenda nawo zaka zoposa makumi awiri osagwidwa.

Baljan anakula, anaphunzira unamwino ku Semey, ndipo kuchipatala komweko anakumana ndi Darkhan, mnyamata wokonza magetsi wochokera kum'mwera, ku Taraz. Tsiku lina foni inalira Ulbosin ali pansi pa hatchi akukama. Anali Baljan.

"Amayi, akwawo kwa Darkhan akubwera ndi ndolo Loweruka."

"Abwere. Nanga mawu akowo akunjenjemera chiyani?"

"Amayi ake amva kumene ndimachokera. Akuti adzaone kaye." Baljan anatsitsa mawu. "Amayi, chonde, za tsitsi la kumsana zija musadzanene."

"Ine? Ndinayamba ndanenapo zopusa pamaso pa alendo?"

Mwambo mumaudziwa. A kuchimuna akabwera, mbali ziwirizi zimadya m'mbale imodzi chiwindi cha nkhosa ndi mafuta a kumchira, kenako amake a mnyamata amamuveka mtsikana ndolo. Akadya, ubale wamangidwa. Akapanda kudya, ndolo zimabwerera m'thumba, ndipo dera lonse limadziwa kuti mtsikana wakanidwa. Wokanidwa kamodzi ku Boztobe sabweranso wina kudzamufunsira. Ulbosin ankafuna mwana wake achoke pamudzi pano, apite kutali kumene madzi amangomwa osaganiza. Ankafuna zimenezi kuposa chilichonse chimene anafunapo pamoyo wake.

Sabata imeneyo anapita kukasupe kawiri, mpaka hatchi inayamba kumuyang'ana moipidwa. Nyama yonse anaphikira madzi a kukasupe, tiyi yemwe anakonza kuti achokere m'ketulo ya Baljan. Koma kuti auze munthu, ayi.

Loweruka galimoto inafika fumbi lili koboo. Munatsika Darkhan atavala suti yomuthina, amalume ake a mimba yaikulu otchedwa a Orazbek, ndi Mayi Rabiga, amake a mnyamatayo. Anali mayi wamtali, wogulitsa nsalu mumsika wa ku Taraz, wa maso oti akayang'ana chinthu amadziwa kale pamene chinasokedwa mwachinyengo. Pamkono anakolekera chikwama chachikulu ngati chopitira ku Haji. Darkhan atatsegula kumbuyo kwa galimoto kuti atulutse mphatso, mudzi wonse unaona mabotolo a madzi ogula atandandalikidwa ngati asilikali.

"Ndi impsozi," anatero Mayi Rabiga msangamsanga. "Adokotala anati ndizimwa amenewa okha."

"Kalanga ine, pepani asewele!" anatero Ulbosin, dzino lagolide likung'anima. "Koma mwafika pamalo pake. Madzi a chitsime chathu impso amachita kuzitsuka ngati mbale."

Anawakhazika pamalo aulemu, kukhoma loyang'anizana ndi chitseko, kumene munthu sangadzuke popanda kupondaponda anthu khumi. Mbali iyi anaikako Nagima, mbali inayo gogo wina wogontha. Kenako anayamba kuthira tiyi, pang'onopang'ono pansi pa kambale monga timachitira ndi mlendo amene tikufuna akhalitse.

A Orazbek analibe nazo vuto. Tiyi, timandasi, nyama ya hatchi, kimizi, zonse zinkangolowa ngati akuponya m'dzenje. Mayi Rabiga analandira kambale ndi manja awiri, anagunditsa pamlomo, n'kuyamikira kuti tiyi wake ndi wonunkhira. Anthu atatembenukira kwa a Orazbek amene ankafotokoza za msewu, dzanja la mayiwa linapita kumbuyo, pawindo pamene panali mphika wa maluwa. Kambale kanabwerako kopanda kanthu.

Ulbosin anaona, anathiranso. Kanabweranso kopanda kanthu. Anathiranso kachitatu.

"Nagima," anatero mokoma, "tachotsa maluwawo pawindopo. Akuwatchinga asewele, sakuona bwino mudzi wathu."

Nagima ananyamula mphikawo ukuchucha tiyi wamkaka, milomo ataluma kuti asaseke. Amayi awiri aja anayang'anana. Aliyense anazindikira kuti wakumana ndi mnzake, paja onse ndi a pamsika.

Nyama itabwera, Mayi Rabiga anasintha njira. Ankatola nthuli, kuipititsa kukamwa, kutsokomola pang'ono m'kampango, dzanja n'kutsikira m'chikwama chija chili pamiyendo. Nsagwada zinkatafuna mpweya mwaluso ndithu. Ulbosin ankangowonjezera, kusankha zonona zokhazokha.

"Idyani asewele, nkhosa imeneyi yakulira pa udzu wa ku Poligoni weniweni. Inali ndi miyendo isanu, wachisanuwo tasungira inu."

Anthu anaseka, a Orazbek mpaka kutsamwa. Ulbosin mutu unatentha, pakamwa panatseguka pokha. Inatuluka ya makandulo, inatuluka ya nsomba, ndipo asanadzigwire, a Kabdesh anali atavula kale chipewa mwachizolowezi. Apo ndi pamene anaona Baljan ataima pakhomo ndi mbale m'manja, nkhope itayera ngati ufa. Anayang'ana Mayi Rabiga. Mayiwa sankaseka. Dzanja lawo linali pachifuwa, pamene anabisa kathumba ka ndolo, ngati munthu amene akuonetsetsa kuti katundu wake abwerera naye. Apo Ulbosin anazindikira chimene wachita. Nthabwala zimene ankathamangitsira alendo a makamera zinali kuthamangitsanso mlendo yekhayo amene ankafuna kuti akhale.

"Ndikasambeko m'manja," anatero Mayi Rabiga. Anadzuka movutikira, kupondaponda anthu khumi aja, chikwama chili m'khwapa.

Panja panali Moinak, galu wa a Kabdesh, wakuba wodziwika mudzi wonse. Galu wamkota sakandira pachabe. Ananunkhiza kamodzi, anatsatira mayiwa mwaulemu mpaka pakati pa bwalo, kenako kwapu! Chikwama pansi. Nthuli zonona zinamwazika pafumbi, pamaso pa amayi onse amene ankaphika panja. Pabwalo panangoti zii, kumveka Moinak yekha akumeza.

Manyazi amenewo akanatha ukwati pomwepo. Munthu wochititsidwa manyazi chotero sakhalanso pansi, amangolowa m'galimoto. Ulbosin anatulukira pakhomo, anaona, n'kuwomba m'manja.

"Taonani, amayi inu! Nyama yanga yakoma mpaka asewele ayamba kale kulongedza ya ana kunyumba, phwando lisanathe! Inu mumadikira kuti ndichite kukupatsirani. Choka iwe Moinak, mwana wa mbala! Bwerani asewele, ndikupukuteni diresi."

Anawakokera m'kakhitchini kapanja n'kutseka chitseko. Anatenga kansalu, anagwada n'kuyamba kupukuta mafuta pa diresi ija.

"Dzukani, mayi," anatero Mayi Rabiga. "Tonse ndife ogulitsa malonda, tisanamizane. Mwana wanu ndamukonda, ndi waulemu, manja ake ndi achangu. Koma Darkhan ndi mmodzi yekhayo, ndilibenso wina. Ana a kuno ndinawaona pa kanema. Chimvereni nkhaniyi tulo sindikuliona. Ndikuopa, mayi. Ndikuopa chimene mtsikanayu wanyamula m'thupi."

Ulbosin anatsegula pakamwa kuti aponye kena kake koseketsa. Kenako anatseka, n'kupitiriza kupukuta diresi ija.

Mayi Rabiga anayang'ana kumbali kuti amupatse mpata, ndipo maso awo a pamsika aja anagwera pambaula. Panali maketulo awiri. Munthu wozolowera kutembenuza nsalu kuti aone kuseri sangaone chivundikiro osachitukula. Anatukula cha ketulo yakuda, anaona chikoko chija. Anatukula cha inzake, imene tiyi wawo ankachokera, anaona mkati mukuwala. Anakankha katani wa pakona n'kupeza zigubu zitasanjikizana.

"Yachikokoyi ndi ya ndani?"

"Yanga ndi bambo ake."

"Nanga iyi?"

"Ya Baljan."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene anasiya bere. Kuli kasupe kuseri kwa mapiri uko. Anthu amati ndimakapemphera."

Mayi Rabiga anakhala pa chigubu chimodzi, pang'onopang'ono. "Ndiye tiyi ndakhala ndikuthirira maluwa uja..."

"Wa kukasupe. Nyama yomwe. Maluwa anga chibadwire sanamwepo zabwino chotero, Moinak ndiye osanena."

Kuseka kunawatulukira m'mphuno Mayi Rabiga asanakonzeke, kenako anapukuta m'maso. "Mfiti ya mkazi iwe! Bwanji osangondiuza?"

"Pamaso pa Nagima? Ana ake asanu amamwa chitsime chomwecho, alibe ngolo. Ndiziti chiyani?"

"Ndiye kasupeyo ndi wabwino?"

"Sindikudziwa, asewele. Palibe akudziwa. Ndinachita zimene ngolo ndi hatchi zingathe, basi." Ulbosin anapinda kansalu kaja, anakapindanso. "Mukandifunsa ngati adzabereke ana alunga, sindingalumbire. Anga awiri ali paphiri apo. Inu mwayamba kuopa mwezi uno, ine mantha amenewo ndakalamba nawo. Ndolo zanu mukafuna kubwerera nazo, bwererani, sindikutukwanani. Koma za zigubuzi musakanene m'nyumbamo."

Mayi Rabiga anaimirira, anakonza mpango, n'kutuluka.

M'nyumba munali ngati pamaliro. Darkhan ankayang'ana pansi, Baljan anali kuseri kwa chitseko. Mayi Rabiga anapondapondanso anthu khumi aja n'kukhala pamalo pawo. Nagima analowa ndi mbale ya chiwindi ndi mafuta a kumchira, ataithira chambiko pamwamba, anaiika pakati. Ulbosin anatenga ketulo yowala ija kuti athire tiyi.

"Ayi, imeneyo ayi," anatero Mayi Rabiga mokweza, ataphimba kambale ndi dzanja. "Tiyi ameneyo ndi wa ana, alibe mphamvu. Ndaona kukhitchini kuli ketulo ina yakuda, ya eni nyumba. Kodi kuno zabwino mumabisira alendo?"

"Asewele, imene ija ndi yakale, yauve..."

"Bweretsani. Ndayenda ulendo wonsewu kudzamva madzi otchukawo."

Ulbosin anapita kukaitenga. Mayi amene amakama hatchi yolusa ndi dzanja limodzi anathira tiyi ameneyo akutayira pansalu ya patebulo. Mayi Rabiga analandira ndi manja awiri. Anayang'ana m'kambalemo nthawi yaitali, ndipo Ulbosin yekha ndi amene anaona kuti zala zawo zayera ndi kufinya. Kenako anamwa, osapumira, mpaka pansi. Mchere uja unawakwinyitsa nkhope ngati mwana womwa mankhwala a malungo.

"Ha! Koma madzi!" anatero, akumenya kambale patebulo. "Orazbek, tandikanda kumsanaku, ndikumva ngati tsitsi layamba kale kumera."

Nyumba inaphulika. Gogo wogontha uja anaseka nawo osadziwa chimene chanenedwa. A Kabdesh anaseka mpaka kumveka mawu, zimene ena a ife tinali tisanamvepo. Mayi Rabiga anapisa dzanja m'mbale, anatenga chiwindi ndi mafuta, anatafuna zenizeni ulendo uno, anameza, n'kutenga china kumudyetsa Ulbosin pakamwa.

"Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima," anatero. "Muitaneni mwana wangayo."

Zotsatira zake zinali za masiku onse. Amayi anawapaka alendo chambiko kumaso monga mwa mwambo, a Orazbek anathawira pansi pa tebulo atanyamula fupa, Baljan analira ndolo zikulowa m'makutu. Ulbosin sanalire. Anatuluka kukatukwana Moinak, ndipo anthu ena akuti anamuona akumupatsa mchira wonse wa nkhosa.

Ukwati unachitika chisanu chisanayambe. Pakati pa mabulangete ndi makapeti a mkwatibwi, Ulbosin analowetsamo ketulo yowala ija. Kuyambira pamenepo ngolo inaima. Zigubu anasungiramo tirigu wa nkhuku, hatchi inanenepa. Ashehe anabwera kudzadandaula kuti chitsanzo chawo chabwerera m'mbuyo.

"Ashehe, ine ndi woyera uja tinamalizana," anatero Ulbosin. "Iye wachita zake, ine ndachita zanga. Imwani tiyi."

Anabwerera ku ntchito yake ya pamsewu, ndipo alendo a makamera anapitiriza kulandira nsomba zawo za mitu iwiri. Nyumba yokha ndiyo inaoneka ngati yakula. Madzulo iye ndi a Kabdesh ankamwa tiyi wawo wamchere, ketulo imodzi pambaula, osayankhulana zambiri.

Chipale chitasungunuka, mahatchi atayamba kuswa, foni inalira. Anali Baljan, akuyankhula motsitsa ngati pali wina akumvetsera.

"Amayi, ndili ndi pathupi. Amayi a kuno akuti ndikuuzeni ndekha. Ndimafuna nthawi ikakwana ndidzachirire kwanuko."

"Kuno? Malo ali kuti? Chipinda chako ndinaikamo zishalo. Udzachirire komweko, Rabiga agwireko ntchito, wangokhalira kudya." Anamva mwana wake akuseka, kenako kusekako kunatha.

"Amayi, mwanayu adzakhala bwino?"

"Iwe unabadwa ukulira mpaka ashehe anamva kumzikiti. Adzatengera iwe. Tseka foni, hatchi ikundidikira."

Anakhala pa mpando wokamira nthawi yaitali, ndowa ili pakati pa miyendo, osakama.

M'mawa mwake Nagima akutaya phulusa anamva mawilo akulira. Anasuzumira pampanda n'kuona Ulbosin pangolo, atavala mpango wake woyera wa pa zikondwerero.

"Iwe mfiti, wayambiranso? Taima, waiwala zigubu!"

"Sindinaiwale," anatero Ulbosin, osatembenuka.

Njira yonse sanatukwane hatchi ngakhale kamodzi, moti inkaima n'kumacheuka kuona ngati pangolo pali munthu. Atafika anaimangirira pamalo pake pa masiku onse. Chitsamba chija chinali chodzaza ndi tinsanza take ta zaka zonsezo, tina titayera ndi dzuwa, tomanga mwachinyengo tokhatokha. Anadutsa kasupe osamuyang'ana, anavula nsapato, n'kugwada pafupi ndi mulu wa miyala wa pamanda. Mawondo anadandaula, sanazolowere. Anatambasula manja monga amaonera ena akuchitira, ndipo anapeza kuti sakudziwa poyambira. Mayi woti sanasowepo chonena pamaso pa munthu aliyense anakhala pamenepo mphepo ikumuomba.

"Agogo," anatero pomaliza, "ndine uja wa zigubu. Lero sindinabwere nazo."